Botolo lomwe linapita ndi madzi

Pakati pa mwezi wa Marichi m'chaka cha 2023, mvula ya namondwe wa Freddy itagwa masiku angapo osalekeza, tinathawa m'nyumba mwathu usiku madzi ali m'mawondo, ine nditabereka mwana wa mng'ono wanga ndipo mwana wanga wamkazi atagwira nsonga ya chitenje changa. Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, kumene mitsinje yochokera m'phiri imathamangira ku Ruo. Usiku umenewo phiri linkalira ngati galimoto zambiri zikubwera pamodzi, ndipo akuluakulu omwe ankakumbukira zimene zinachitika ku Phalombe m'chaka cha 1991 ankangoti napolo wabweranso. Tinakafika pa sukulu ya pulayimale ya kumtunda kukucha. Nditakhala pansi m'kalasi, thupi likunjenjemera, ndi pamene ndinakumbukira kuti m'sutikesi yomwe ndinasiya pansi pa bedi munali mabotolo anga a ma ARV a miyezi inayi, pamodzi ndi buku langa la kuchipatala.

Ndakhala ndikumwa mankhwalawa kuyambira m'chaka cha 2012. Anandipeza ndi kachilombo ka HIV ku sikelo, ndili ndi pakati, ndipo ndinali ndi mwayi kuti mu 2011 dziko lathu linali litayamba ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi kachilomboka aziyamba mankhwala nthawi yomweyo ndi kumamwa moyo wake wonse, osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Mwana wanga anabadwa wopanda kachilombo. Kwa zaka khumi ndi chimodzi sindinadumphitsepo mankhwala kupitirira tsiku limodzi, koma mu Marichi uja ndinakhala masiku asanu ndi anayi osamwa. Ndikulemba izi chifukwa nthawi zonse ngozi ikagwa timawerenga nyumba zogwa, milatho yoduka ndi minda yokokoloka, pomwe anthu amene mankhwala awo anapita ndi madzi sitiwawerenga, ndipo iwonso nthawi zambiri safuna kuwerengedwa.

Chiwerengero chomwe tonse tinamva ndi chakuti Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi muno, kuphatikizapo omwe matupi awo sanapezeke, ndipo anthu oposa 650,000 anasowa pokhala. Zimenezi zinachitika m'chigawo cha kummwera, m'maboma monga Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Zomba, Chikwawa ndi Nsanje. Aliyense wodziwa nkhani ya HIV m'dziko muno akamva mayina amenewa amazindikira msanga kuti ndi madera omwewo kumene kachilomboka n'kofala kuposa kwina kulikonse. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'zaka za 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa akuluakulu 100 aliwonse ali ndi kachilomboka, ndipo kummwera chiwerengerochi n'chokwera kuposa pamenepa. Choncho m'kalasi lililonse momwe munagona anthu makumi asanu kapena asanu ndi limodzi, sindinali ndekha. Ndinkadziwa zimenezi m'mutu mwanga, koma ndinkayang'ana nkhope za amayi anzanga osadziwa kuti ndani wa iwo akuwerenga masiku ngati ine.

Kwa amene samwa mankhwalawa, ndifotokoze chifukwa chake masiku ochepa amatidetsa nkhawa chotere. Ma ARV sapha kachilombo konse m'thupi, amangotsekereza kuti kasachulukane. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, tizilombo timachepa kwambiri m'magazi mpaka makina opimira amalephera kutiona, chitetezo chimabwerera, ndipo munthu wotere sapatsira mnzake kachilombo pogonana. Akasiya, pakangopita sabata imodzi kapena ziwiri tizilombo timayambanso kuchulukana, ndipo choopsa china n'chakuti pamene mphamvu ya mankhwala ikutha pang'onopang'ono m'thupi, kachilombo kamatha kusintha n'kuyamba kupirira mankhwalawo. Mankhwala omwe ndinayamba nawo, amene kuchipatala ankawatchula kuti 5A, anali osavuta kugonja mwanjira imeneyi. Omwe ambiri tikumwa kuyambira cha m'ma 2019, a 13A, momwe muli dolutegravir, ndi olimba kwambiri ndipo kachilombo sikawazolowera msanga. Ndikukhulupirira kuti kusintha kumeneku kunapulumutsa ambiri mwa ife omwe tinadumphitsa nthawi ya Freddy, ngakhale kuti panthawiyo palibe amene anandilimbitsa mtima ndi mawu amenewa.

Msewu wopita kuchipatala chathu unali utaduka pa mlatho, ndipo tinkamva kuti ngakhale kuchipatalako madzi analowa. Ku Phalombe, chipatala cha Nkhulambe chinawonongekeratu ndi matope ndi miyala. Chipatala chikawonongeka chotero sikuti pangogwa makoma okha ayi. M'menemo mumakhala makadi a odwala onse, momwe mumalembedwa mtundu wa mankhwala omwe munthu akumwa, tsiku lomwe anayamba, sikelo yake ndi zotsatira za magazi ake. Mumakhala nkhokwe ya mankhwala ya mudzi wonse. Ogwira ntchito nawonso ndi anthu a komweko, nyumba zawo zinagwa, ena anataya abale. Malamulo a zaumoyo amalola kuti pa nthawi ya vuto munthu akalandire ma ARV pa chipatala china chilichonse m'dziko muno, koma chomwe amafuna kuona ndi buku la kuchipatala, ndipo langa linali kwinakwake m'matope a Ruo. Mwamwayi ndinkadziwa pamtima nambala yanga ndi dzina la mankhwala anga. Agogo ambiri omwe ndinakhala nawo sankadziwa zimenezi, iwo ankangodziwa maonekedwe a botolo ndi mtundu wa pilitsi, ndipo atafunsidwa ankangoti, "Ndi omwe aja ndimamwa m'mawa."

Komabe ndikaganiza mofatsa, mtsinje sunali chotchinga chachikulu. Chotchinga chachikulu chinali kusowa kwa chinsinsi. Thandizo lonse la HIV m'midzi mwathu linamangidwa poganizira kuti munthu ali ndi khomo lake lotseka. Ambiri amabisa botolo m'denga, m'thumba la zovala kapena pansi pa mphasa, ena amayenda mtunda wautali kukalandira ku chipatala cha kutali kuopa kukumana ndi oyandikana nawo. Inenso n'chifukwa chake mabotolo anga anali pansi pa zovala m'sutikesi, osati pamalo oti n'kungotola pothawa. Tsopano taganizirani kuti mudzi wonse, apongozi, amfumu, a mpingo, ana a sukulu, onse ali m'chipinda chimodzi usana ndi usiku. Botolo la ma ARV limachita phokoso likagwedezeka, ndipo phokoso limenelo aliyense amalidziwa.

Usiku wachinayi ndinadzuka kupita kuchimbudzi ndipo ndinapeza mayi wina, wamkulu kwa ine, ataima kuseri kwa khoma mumdima akumeza kanthu popanda madzi. Anadzidzimuka atandiona. Ndinawauza motsitsa mawu kuti, "Amayi, musaope, inenso ndimamwa, koma anga anapita ndi madzi." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anamasula mfundo ya pa chitenje chawo momwe anamanga mapilitsi ochepa, popeza botolo anali atalitaya dala kuti lisamveke. Anati, "Mwanawe, ndatsala ndi asanu ndi awiri. Ndikanakugawira, koma sindidziwa kuti msewu utseguka liti." Sindinawakakamize, ndipo kunena zoona sindikanalandira, chifukwa kugawana kukanangochititsa kuti tonse awiri tidumphitse. Koma ndikudziwa kuti m'misasa yambiri mabanja anagawana mankhwala, mwamuna ndi mkazi kumwa mosinthana masiku, mayi kuleka kuti mwana wake amwe. Kuyambira usiku umenewo mayi aja ndi ine tinkaperekezana, ndipo ndinkawasungira madzi owiritsa m'kabotolo kuti asamameze pouma.

Patapita masiku, gulu la azaumoyo linafika wapansi, katundu atasenza pamutu kuchokera pomwe galimoto inalekezera. Anayala matebulo pansi pa mtengo wa mango pabwalo la sukulu. Ndimawathokoza anthu amenewa mpaka lero, chifukwa ndinaona mapazi awo. Koma munthu wina wolengeza, mwina chifukwa chotopa kapena chofuna kufulumizitsa ntchito, anafuula kuti onse a ma ARV aime mzere wawo kumanzere. Palibe amene anasuntha. Ndinayang'ana mayi aja ndipo anali atawerama ngati akufuna kanthu pansi. Ndinaimirira ndekha, osati chifukwa cholimba mtima, koma chifukwa ndinali nditawerenga masiku asanu ndi anayi ndipo ndinkaganiza za mwana wanga. Pambuyo panga panabwera anthu atatu okha. Madzulo ake namwino mmodzi wanzeru anasintha kachitidwe: anatenga kachipinda ka aphunzitsi, n'kumaitana aliyense mmodzimmodzi, kaya wadwala malungo, chilonda, kuthamanga kwa magazi kapena china chilichonse, ndipo mankhwala onse ankawaika m'timapepala tofanana. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake, anthu omwe anatuluka m'kachipindako atalandira ma ARV anali ambiri ndithu. Kusiyana kwa njira ziwirizi sikunafune ndalama ngakhale tambala imodzi.

Pali ena omwe vuto lawo linali lalikulu kuposa langa. Khanda lobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachilombo limayenera kumwa mankhwala a madzi a nevirapine tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi oyambirira, kenako n'kupimidwa magazi. Mayi woyamwitsa akaleka mankhwala ake, tizilombo timachuluka ndi mu mkaka momwe. Choncho kwa mayi wotere, mlatho woduka ungatanthauze kuti mwana yemwe akanakula wopanda kachilombo adzamwa mankhwala moyo wake wonse. Amayi ena anaberekera m'misasa momwemo, m'manja mwa amayi anzawo, popanda wowapima. Ana ndi achinyamata omwe amakumana m'magulu awo a Teen Club Loweruka anabalalika, ndipo ambiri mwa iwo anzawo a kusukulu omwe ankagona nawo chipinda chimodzi sankadziwa kanthu. Omwe anali pa mankhwala a chifuwa chachikulu, matenda omwe amapha anthu ambiri a kachilombo kuposa ena onse, nawonso anadukiza, kwinaku akugona mopanikizana m'zipinda zotseka mawindo chifukwa cha mphepo.

Tisaiwale kuti Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera womwe unayamba mu Marichi 2022, pa nyengo ya anamondwe a Ana ndi Gombe, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Munthu wa chitetezo chochepa, kutsegula m'mimba kumamugwetsa msanga. Madzi akaphwera amasiya zithaphwi, udzudzu umachuluka, maneti anapita ndi madzi. Bakitilimu yemwe timalandira pamodzi ndi ma ARV amatiteteza ku chibayo, ku matenda ena a m'mimba ngakhalenso ku malungo, koma naye anali m'sutikesi yomweyo. Zonse zomwe zimateteza munthu zimachoka tsiku limodzi, pa nthawi yomwe matenda achuluka kwambiri.

Ndipo pali nkhani ina yomwe sitikonda kuikamba pagulu. M'misasa chakudya chimakhala chochepa, ndipo amene wagwira kaundula wa olandira amakhala ndi mphamvu pa anthu anjala. Atsikana ndi amayi amasiye amanyengereredwa kapena kukakamizidwa kuti apereke thupi lawo posinthana ndi thumba la ufa, bulangete kapena sopo. Zimbudzi zimakhala kutali ndiponso kumdima. Mankhwala oteteza munthu yemwe wagwiriridwa kuti asatenge kachilombo, otchedwa PEP, amagwira ntchito pokhapokha ayambidwe pasanathe maola 72, ndipo maola amenewa amatha munthu akuyang'ana mtsinje wodzaza. Makondomu ndi njira zolera sizikhala m'gulu la katundu woyamba kufika. Choncho namondwe samangosokoneza thandizo la omwe ali kale ndi kachilombo, amatsegulanso khomo kuti ena atenge.

Madzi ataphwera tinaganiza kuti tapuma, koma chaka chotsatira kunabwera ng'amba. Mu Marichi 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala chomwe chinadza ndi kusokonekera kwa nyengo kotchedwa El Niño, ndipo anthu oposa 5 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Kwa ine chilala chinali choopsa mofanana ndi madzi, kungoti icho chimabwera mwakachetechete ndipo atolankhani sajambula zithunzi zake mofanana. Adokotala amatiuza, ndipo n'zoona, kuti mankhwala a masiku ano munthu angathe kumwa ngakhale asanadye. Koma yemwe wagona ndi njala masiku awiri amakuuzani kuti akamwa amamva chizungulire, mtima umathamanga, njala imakula, ndipo kuti sangathe kugwira ganyu ali chotero. M'gulu lathu lothandizana ndinamva mawu amodzimodzi kambirimbiri: "Mankhwalawa amafuna chakudya." Ena anayamba kumwa tsiku lomwe apeza chakudya lokha. Ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala inkapikisana ndi ndalama yogulira ufa wa phala la ana, ndipo ndani angadzudzule mayi yemwe wasankha phala?

Njala imasamutsanso anthu. Amuna ambiri a kwathu amawoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Milange ndi kupitirira, ena amapita ku nyanja ya Chilwa kukasodza madzi akakhalapo, ena ku Blantyre, ena mpaka ku Johannesburg. Amanyamuka akuganiza kuti akhala mwezi umodzi, n'kukhala miyezi isanu. Tsiku lawo lolandira mankhwala limadutsa, m'kaundula amalembedwa kuti anasiya, ndipo akabwerera amachita manyazi kapena mantha kuti akakalipiridwa, motero amakhala kunyumba mpaka matenda atawagwetsa. Ndaona maliro a anthu otere. Pa mwambo wa maliro pamanenedwa kuti malemu anadwala chifuwa kapena mutu waukulu, ndipo palibe amene amatchula kuti zinayambira pa munda womwe unapsa ndi dzuwa.

Sindikufuna kuti zimveke ngati palibe chomwe chinagwira ntchito. Ndondomeko yopereka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi kwa anthu omwe akupeza bwino, yomwe inakula kwambiri nthawi ya Covid-19, inathandiza onse omwe anatha kupulumutsa mabotolo awo, popeza sanafunike kuwoloka mtsinje. Kwa ine inasanduka kutaya zambiri nthawi imodzi, komabe ndimaiyamikira, ndipo phunziro lomwe ndinatolapo ndi la kasungidwe osati la kuchuluka kwa mankhwala. Magulu a m'midzi momwe anthu ochepa amasinthana kukatengera anzawo mankhwala, njira yomwe inayambira ku Tete m'dziko la Mozambique mu 2008 mothandizidwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, kenako n'kufika ku Thyolo, anaonetsa phindu lina lomwe mwina oyambitsawo sankaliganizira kwambiri. Anthu a m'gulu limodzi amadziwana, choncho ngozi itagwa ankafunana m'misasa, ankadziwa yemwe wasowa ndi yemwe watsala ndi mapilitsi angati. Alangizi a zaumoyo ndi anzathu odzipereka omwe amamwa mankhwala ndipo amalangiza ena anayenda msasa ndi msasa kufunafuna anthu awo ndi mayina omwe anali m'mitu mwawo, makadi atapita.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti ntchito zimenezi, za anthu oyenda m'midzi, za njinga zamoto zonyamula magazi kupita nawo kokapimidwa, za alembi osunga kaundula m'makompyuta, ndi zomwe zimadalira kwambiri thandizo la mayiko akunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale 2025, ntchito zambiri za mtundu umenewu zinagwedezeka. Mapilitsi angathe kukhalapo m'nkhokwe ku Lilongwe kapena ku Blantyre, koma pa tsiku la namondwe chomwe chimapulumutsa munthu ndi mnzake wodziwa komwe iye ali, ndi wotha kusenza katoni pamutu kudutsa m'matope.

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Tinaona chigumula mu Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, ndipo anthu a ku Makhanga ndi madera ena a m'chigwa cha Shire amadziwa kuti pafupifupi dzinja lililonse msewu wawo umaduka. Madera omwe amasefukira amadziwika, miyezi yake imadziwika, zipatala zomwe zimatsekeredwa zimadziwika. Choncho sindikuona chifukwa choti aliyense wa m'madera amenewa alowe mwezi wa Disembala ali ndi mankhwala osafika mu Epulo. Ndikanakonda kuti nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, ikamakonza galimoto yoyamba yopita ku msasa, katoni ya ma ARV, bakitilimu, nevirapine wa makanda, PEP ndi makondomu izikwera limodzi ndi chimanga ndi mabulangete. Ndikanakonda kuti m'komiti ya msasa uliwonse muzikhala munthu mmodzi wochokera m'magulu athu, yemwe anthu angamunong'oneze. Ndikanakondanso kuti munthu yemwe wataya buku lake alandire kaye mankhwala a mwezi umodzi, zolembalemba zibwere pambuyo, komanso kuti wobwerera patapita miyezi alandiridwe ndi moni osati ndi mafunso okalipa.

Patatha miyezi ingapo chichitikireni ngoziyo ndinakapimitsa kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Zotsatira zinachedwa kubwera, ndipo masabata onsewo ndinkagona movutika. Zitafika, namwino anandiuza kuti tizilombo sitikuoneka. Mayi aja a mfundo ya pa chitenje nawonso ali bwino, ndipo tsopano amabwera ku gulu lathu, ngakhale kuti apongozi awo sakudziwabe. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu yemwe anapita ku ganyu chilala chitavuta sanabwerere ku mankhwala, ndipo tinamuika m'manda chisanu chapitachi.

Nyumba yomwe tinamanganso ili kumtunda pang'ono. Mabotolo anga tsopano amakhala m'jumbo yomanga bwino, mkati mwa kachikwama komwe kamapachikidwa pa msomali pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi buku latsopano, ndipo tsamba lake loyamba ndinalijambula pa foni n'kutumiza kwa mng'ono wanga wa ku Lilongwe. Mapilitsi a masabata awiri ndinakasungitsa kwa mnzanga wa m'gulu yemwe amakhala tsidya lina la mtsinje, ndipo ake ali kwa ine. Mwana wanga ndinamuuza zonse atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri. Mitambo ikada pamwamba pa phiri, iye ndiye amayamba kupita pa msomali paja kukaona ngati kachikwamako kali pamalo pake.